Khasu ndi Nkhafi ku Gombe la Salima

Makolo athu adati mapanga awiri avumbwitsa. Koma tikayang'ana mbiri ya anthu okhala m'mphepete mwa nyanja ku Salima, kuyambira ku Chipoka, kudzera ku Senga Bay mpaka ku Chikombe, tipeza kuti ambiri mwa iwo sadakhalepo ndi phanga limodzi. Munthu yemweyo ndi mlimi, ndi msodzi, ndiponso ndi wamalonda. Nanga adapirira bwanji osavumbwa?

Kalekale banja la ku gombe linkadalira khasu ndi nkhafi. Mvula ikagwa, anthu ankalima chimanga, chinangwa ndi mpunga m'madambo. Nyanja ikachita bata, abambo ankakankha bwato kukasaka utaka, usipa ndi chambo. Atsamunda atabweretsa msonkho, padafunika ndalama, ndipo thonje lidasanduka ntchito yachitatu. Njanji yochokera ku Blantyre itafika ku Salima m'chaka cha 1935, misika idatseguka. Nsomba zouma ndi thonje zidayamba kupita kutali, ndipo ntchito zidachuluka pa dzanja limodzi lomwelo.

M'chaka cha 1968 boma, mothandizidwa ndi dziko la West Germany, lidayambitsa chitukuko cha ulimi m'chigawo cha kunyanjachi, cholimbikitsa thonje ndi mpunga. Thonje ndi mbewu yansanje. Limafuna kupalira msanga, kupopera mankhwala mobwerezabwereza ndi kutola mosamala. Msodzi amene wachezera panyanja usiku wonse sangagwire bwino mpope m'mawa mwake. Wofuna zonse tsiku limodzi amataya kwina: kapena mbozi zimalowa m'munda, kapena ukonde umaolera pamchenga.

Yankho lanzeru pa vutoli lidachokera kwa anthu eni ake. Pachilumba cha Mbenji, chomwe chili moyang'anizana ndi gombe la Chikombe, mafumu a m'deralo adakhazikitsa lamulo m'zaka za m'ma 1950 lomwe likutsatidwabe pansi pa Mfumu Yaikulu Makanjira ya ku Salima. Chaka chilichonse chilumbachi chimatsekedwa mu Disembala ndipo chimatsegulidwa ndi mwambo mu Epulo. M'miyezi imeneyi nsomba zimaswana mwamtendere, asodzi amapewa mphenzi ndi mafunde a dzinja, ndipo chachikulu, amabwerera kwawo kukalima. Nyengo yosodza ikafika, mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa pachilumbapo, kuti maganizo a msodzi akhale pa chilimira basi. Utaka wa ku Mbenji ndi wodziwika ndi kukula kwake, ndipo akatswiri a zansomba amatchula chilumbachi ngati chitsanzo cha kasamalidwe kabwino ka nyanja.

Tikaonetsetsa, anthu a ku Mbenji sadaphunzire kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Adaphunzira kupatsa ntchito iliyonse nyengo yake. Adavomera kuti munthu ali ndi mutu umodzi.

Komabe pali ena amene kalendala ya mafumu sidawapumitsepo: amayi. Mayi wa ku gombe amatembenuza usipa pathandala mwana ali kumbuyo, mphika uli pamoto, diso lina likuyang'ana akhwangwala, khutu likumvera wogula amene akunenerera mtengo. Timamuyamikira kuti ndi wolimba, koma sitifunsa kuti zimamudyera chiyani. Iye amakwanitsa chifukwa zina mwa ntchitozi manja adazizolowera ndipo sizifuna kuganiza. Zikakumana ziwiri zofuna nzeru, monga kuwerenga chenji pamene mwana wayamba kukwawira kumoto, china chimatayika ndithu. Nthawi zambiri chimatayika ndi phindu lake, kapena thanzi lake.

Asayansi akugwirizana ndi makolo. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Stanford ku America m'chaka cha 2009 adapeza kuti anthu ozolowera kuyang'ana zinthu zambiri nthawi imodzi pa makompyuta ndi mafoni amavutika kwambiri kusiyanitsa chofunika ndi chosafunika. Ubongo sugwira ziwiri pamodzi. Umadumpha kuchoka apa kupita apo, ndipo pa kudumpha kulikonse umagwetsa kanthu.

Lero foni yam'manja yafika pagombe lililonse. Msodzi amafunsa mitengo ya ku Lilongwe bwato lisanakocheze, amalandira ndalama pafoni, ndipo ichi n'chabwino. Koma foni ilibe Disembala kapena Epulo. Imalira m'munda, m'kalasi, mu ofesi ngakhale pa chiwongolero cha minibasi pamsewu wopita ku Senga Bay. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Umphawi sulola ambiri mwa ife kukhala ndi ntchito imodzi, ndipo palibe angadzudzule munthu wofunafuna chakudya cha ana ake m'njira zingapo. Chimene mbiri ya Mbenji ikutiphunzitsa n'chakuti ntchito zambiri zimatheka pokhapokha pali wina wolimba mtima wonena kuti lero tatseka uku, tikagwire uko. Pachilumba amanena ndi mfumu. M'nyumba mwathu, m'maofesi ndi m'mitu mwathu, tiyenera kunena tokha.