Mabwalo Amene Ana a ku Linga Ankadzimangira Okha

Kale ku Nkhotakota kunalibe wamkulu wolembera ana malire a bwalo. Ankakonza okha, nyengo ikasintha n'kuyambiranso.

Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Linga, ku Nkhotakota, cha m'ma 1840, kunakula malonda a minyanga ndi akapolo, kunafika Chisilamu ndi ulimi wa mpunga. Bawo nayenso anafala ndi amalonda a Chiswahili. Akuluakulu ankasewera pa thabwa losema, koma ana sankadikira mmisiri. Ankakumba maenje 32 pamchenga, mizere inayi, n'kutola timiyala, masewera n'kuyamba.

Luso lawo lenileni linkaonekera ku masanje. Anthu akakolola, ana ankasonkhanitsa mapesi, bango ndi udzu n'kumanga timisasa kuseri kwa mudzi. Ankakangana za pomanga, za kolozetsa khomo, za amene akhale mfumu, mayi, bambo kapena fisi wodzaba ndiwo. Anyamata ankabwera ndi tinsomba ta kudooko, atsikana n'kuvundula kondowole m'timiphika tobenthuka. Wamng'ono kwambiri ankakhala khanda, wosatha kuthamanga ankatha kukhala gogo woweruza milandu. Komabe tisabise: ana ambiri olumala sankafikako n'komwe, poti makolo ankawasunga m'nyumba chifukwa cha manyazi.

Amishoni a Anglican atakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1890, sukulu zinabweretsa bwalo la mtundu wina, loyezedwa ndi aphunzitsi, lokhala ndi magolo ndi belu lothetsa masewera. Mu 1994, maphunziro a pulaimale atakhala aulere, ana anasefukira, ndipo mithunzi yambiri yosewerera phada inasanduka makalasi.

Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991. Ndime 31 imateteza ufulu wosewera, ndime 12 imati mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza. Ku Nkhotakota ndime 12 imeneyi si yachilendo ayi, ndi zomwe zinkachitika ku masanje. N'chifukwa chake zimapweteka kuona katungwe akuzikidwa pasukulu ya mkombaphala ana osafunsidwa. Iwo ndiwo amadziwa pamene mthunzi wa mango umagwera masana, dooko limene kumaoneka ng'ona, ndi madzi odekha a m'bango momwe mumakhala nkhono za likodzo. Mwana woyenda pa njinga ya olumala akhoza kuuza mmisiri aliyense kuti matayala amatitimira mumchenga, ndipo popanda kanjira kolimba iye azingoonerera anzake ali patali. Wosaona bwino anganene za mitundu yowala ndi zitsa zofunika kuzula.

Malo nawonso akuchepa. Mbali zina za gombe zatchingidwa ndi mipanda ya malo ogona alendo, ndipo mu 2024 nyanja inakwera n'kumeza mchenga wambiri pamodzi ndi nyumba za anthu. Bwalo likasowa, mpira wachikulunga umathera m'mphepete mwa msewu wa M5, momwe mumadutsa malole a shuga ochokera ku Dwangwa.