Msilikali wa Imvi ndi Manda a pa Beho Beho

Abale ndi alongo a m'bungwe lathu, inu amene munaperekezako maliro ku manda a kuno ku Tipton munaiona miyala yoyera ija, yofanana msinkhu ndi maonekedwe, yolembedwa dzina la munthu, nambala yake ndi gulu lake la nkhondo. Pansi pa miyala imeneyo pagona asilikali. Oikidwa kwao chotere kawirikawiri ndi aja anamwalira ndi mabala kapena matenda, pakuti ofera ku bwalo la nkhondo ankaikidwa komweko. Tsono m'buku la chaka chino tifuna kulongosola mbiri ya msilikali mmodzi wokalamba, amene anamenya nkhondo imodzimodzi ndi makolo athu, ija kwathu amaitcha nkhondo ya Chiwaya. Mbiri ya iyeyu inalembedwa yonse, ndipo idzatithandiza kuona za anzake ambirimbiri amene mbiri yao sinalembedwe.

Dzina lake ndi Frederick Courteney Selous. Anabadwira ku London pa 31 Disembala 1851, nafika ku South Africa m'chaka cha 1871 ali mnyamata wa zaka 19. Chaka chotsatira Lobengula, mfumu ya Amandebele, anamlola kusaka njovu m'dziko lake, ndipo anakhala zaka pafupifupi 20 alikuyendayenda m'thengo ndi mfuti, kufikira ku Zambezi ndi ku Tete komwe. Tisabise kanthu: ndiye anatsogolera ulendo wa anthu a Cecil Rhodes m'chaka cha 1890, umene unakathera pamene pali mzinda wa Harare lero, ndiponso anamenyana ndi Amandebele mu 1893 ndi mu 1896. Eni dziko la Zimbabwe ali nacho chifukwa chomkumbukira ndi mtima wowawa.

Pamene nkhondo inabuka mu Ogasiti 1914, Selous anali ndi zaka 62. Anapempha kulowa usilikali, koma akulu a nkhondo anamkana chifukwa cha ukalamba. Iye sanaleke kupempha, kufikira mu Febuluwale 1915 anamlandira m'gulu lotchedwa 25th Royal Fusiliers, limene mkulu wake anali Daniel Driscoll. M'gulumo munali amuna a mitundumitundu, osaka nyama, amalinyero ndi asilikali akale, ena mwa iwo a imvi ndithu. Ananyamuka pa doko la Plymouth mu Epulo, nafika ku Mombasa mu Meyi, amuna oposa 1,000. Mu Juni anakathira nkhondo mzinda wa Ajeremani wa Bukoba, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, ndipo chaka chomwecho Selous anakwezedwa kukhala kaputeni.

Koma mdani woposa Mjeremani anali kuwadikira m'madambo. M'chaka cha 1916, pamene Jan Smuts anatenga ulamuliro wa nkhondo ya ku East Africa, asilikali anayenda ulendo wautali kuchokera ku phiri la Kilimanjaro kulinga kumwera, mvula ilikuwakwapula, phoso lili losakwanira. Malungo anawagwira, ena mpaka mkodzo kuda bii, ndipo malungo otere akafika pamenepo ambiri sadzuka. Kamwazi anawatha mphamvu chifukwa cha madzi oipa. Matekenya anawaboola zala za kumapazi kotero kuti ena analephera kuvala nsapato. Ntchentche za kaodzera nazo zinapha akavalo, nyulu ndi ng'ombe zokoka ngolo. Pa msilikali mmodzi wogwa ndi chipolopolo panali ambiri ogwa ndi nthenda.

Chodabwitsa n'chakuti anyamata ankagwa m'njira, mkulu wa imvi uja alikuyendabe. Thupi lake linazolowera thengo, fodya sankasuta, ndipo chakumwa chake chinali tiyi. Akapeza mpata ankatenga kaukonde kake n'kumagwira agulugufe, anzake ali gone m'mahema. Komabe ukalamba suchita manyazi ndi munthu. Inamgwira nthenda ya kumbuyo ija ambiri amati mudzi, yosautsa kwambiri kwa munthu woyenda pansi tsiku ndi tsiku, ndipo pakati pa chaka cha 1916 anamkweza sitima kumka ku England kuti madokotala akamchite opaleshoni. Mu Sepitembala boma linampatsa mendulo yaulemu ya D.S.O. Akadafuna kukhala kwao palibe akadamnena, koma atangopeza bwino anabwerera pamodzi ndi asilikali atsopano, nakalipeza gulu lake litaphwa, olimba atatsala owerengeka. Kumapeto kwa chaka chimenecho Azungu odwala okwana ngati 12,000 anachotsedwa ku nkhondo ndi kutumizidwa ku South Africa.

Pa 4 Januwale 1917, atangokwanitsa zaka 65, Selous anali kutsogolera anthu ake pa malo otchedwa Beho Beho, kumpoto kwa mtsinje wa Rufiji. Chipolopolo chinamlasa m'mutu, namwalira pomwepo. Anamuika pafupi ndi pamene anagwera, patsinde pa mtengo wa bwemba. Patapita chaka chathunthu, pa 4 Januwale 1918, mwana wake Freddie, woyendetsa ndege za nkhondo, anaphedwanso ku Ulaya. Mu 1922 nkhalango yaikulu ya nyama ya kumeneko inatchedwa dzina la Selous, ndipo mu 2019 boma la Tanzania linapatula chigawo chake cha kumpoto n'kuchitcha Nyerere National Park. Manda aja alipobe, dzina lili lolembedwa.

Tsono titembenukire kwa athu, pakuti nafenso tinali ndi asilikali a imvi. Gulu la King's African Rifles, limene makolo ankati Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland. Amuna a kwathu anali atamenyako kale nkhondo ya Ashanti ku West Africa mu 1900, ndi ya ku Somaliland, kumene ambiri a gulu lachiwiri anathera pa Gumburu mu 1903. Mu 1911 boma linathetsa gulu lachiwirilo pofuna kusunga ndalama, ndipo ena mwa ochotsedwawo anaoloka malire kukalowa usilikali wa Ajeremani, kumene malipiro anali abwinopo. Chotero nkhondo ya Chiwaya inapeza amuna a kwathu mbali zonse ziwiri, kuyambira pa Karonga pamene mfuti zinalira pa 9 Sepitembala 1914. Azungu atatha ndi matenda, boma linakulitsa Keyala kufikira magulu 22 mu 1918, ndipo asilikali akale aja ndiwo anaphunzitsa anyamata kuguba ndi kugwira mfuti. Akulu a nkhondo ankayesa kuti munthu wakuda sadwala m'dziko lotentha, koma malungo, kamwazi ndi chibayo sizinasankhe khungu.

Olemba mbiri amati Nyasaland inapereka asilikali okwana ngati 19,000, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Popeza ziweto zinafa ndiponso misewu inali yosowa, nkhondo yonse inayenda pamitu ya anthu. Munthu ankasenza katundu wolemera mapaundi 50 kapena 60, kukwera naye mapiri a kumpoto kwa nyanja yathu kumka kwa asilikali a Edward Northey. Ambiri sanapite mwa kufuna kwao. Anagwidwa m'midzi ndi amesenjala a boma ndi mafumu okakamizidwa. Zofunda zinali zochepa pamapiri ozizira, ufa unali wosakwanira, mankhwala anali osowa. Wodwala akalephera kuyenda, kawirikawiri ankatsala m'mbali mwa njira. Mabuku a Angerezi eni ake amavomera kuti amtengatenga okwana ngati 95,000 anafa mu East Africa yense. John Chilembwe anaziona izi zisanafike poipa, pakuti mu Novembala 1914 analembera nyuzi ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi ndiwo alikutengedwa kukafera nkhondo ya eni ake, kusiya akazi amasiye ndi ana. Ndipo Ajeremani atatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918, mliri wa fuluwenza unagwera obwerera kwao, nulowa nao m'midzi.

Taonani tsono kusiyana kwake. Mkulu uja atadwala anapeza sitima, dokotala ndi kama wa m'chipatala. Atamwalira anapeza manda, mwala ndi dzina. Mtengatenga wodwala nthenda ya m'dziko lomwelo, wosenza chakudya cha asilikali omwewo, sanapeze ngakhale womuikira chizindikiro. Ku Zomba kuli nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a Keyala, koma zipilala za ku Dar es Salaam, Mombasa ndi Nairobi zinamangidwa zopanda maina a anthu akufawo. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, kapena mwina kufikira 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina ao, ena sanakumbukiridwe konse. Nduna ya za chitetezo ya nthawi imeneyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo ku London. Kupepesa n'kwabwino, koma dzina limene silinalembedwe tsiku la maliro n'lovuta kulipeza patapita zaka 100.

Apa ndipo pagona ntchito ya bungwe lathu. Ifenso tili kutali ndi kwathu, ndipo ena mwa ife imvi zayamba, matupi alikudandaula. Chifukwa chake tipempha yense aonetsetse kuti m'kaundula wa mlembi muli dzina lake lenileni, mudzi wake, mfumu yake, boma lake, ndi mbale woti adzauzidwe. Wodwala asabise nthenda yake chifukwa cha manyazi, ngakhale ikhale ya malo obisika. Apite kwa dokotala msanga, ndipo ife timuyendere akali moyo, tisadikire kudzasonkha za bokosi. Amene munamva kwa agogo anu kuti wakutiwakuti anapita ku Chiwaya, kapena ku Burma pa nkhondo yachiwiri, osabwerako, lembani dzina lakelo ndi kulipereka kwa mlembi, kuti lisungidwe pamodzi ndi maina a abale athu amene tawaika kuno. Akulu anati maliro n'kulirana. Aja anatsala m'mbali mwa njira analibe wowalira pamenepo. Otsala owatchula maina ndife.