Mmene Bere la Mayi Linabwezeredwera Ulemu Wake

Kuyambira makedzana, pamene mayi wobereka ankabindikira m'chikuta ndi khanda lake kufikira mchombo utagwa, panalibe munthu, ngakhale mzamba kapena namkungwi, amene akadalota kuti bere lopatsa mwana moyo lingathenso kumpatsa nthenda. Koma Edzi itapezeka m'Malawi muno m'chaka cha 1985, madokotala natsimikiza kuti kachirombo ka HIV kamadutsiranso mu mkaka wa m'mawere, amayi anagwira njakata, pakuti langizo limene linadza pambuyo pake linali lakuti wokhoza agule mkaka wa m'chitini, ndipo wosakhoza ayamwitse mwakathithi miyezi yowerengeka, kenaka amletse mwana kuyamwa msanga. Nanga mayi wa kumudzi, wotunga madzi pachitsime chosasamalika, ndalama ya chitini akadaitenga kuti? Ndipo akadaleka kuyamwitsa, kodi apongozi ndi anansi sakadanong'onezana za chimene chamgwera? Ana ena amene anapulumuka ku kachiromboko anatengedwa ndi kutsekula m'mimba ndi kunyentchera, ndipo ine sindiika mlandu pa amayi awo, popeza anamvera chimene anauzidwa.

Kuunika kunatulukira ku Lilongwe, kumene kafukufuku wa BAN, wokhudza amayi oposa 2,300 ndi makanda awo, anaonetsa m'chaka cha 2010 kuti mankhwala, akamamwa mayi kapena mwana, amatchinjiriza khanda loyamwa. Pamenepo mu July 2011 Unduna wa Zaumoyo, poona kuti makina oyezera chitetezo cha m'thupi (CD4) anali ochepa ndi kuti amayi ankabwerera kwawo chimanjamanja podikira zotsatira, unalamula chimene dziko lina lililonse linali lisanayese: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachiromboka ayambe ma ARV pomwepo, ndi kumwa moyo wake wonse. Njirayi, yotchedwa Option B+, bungwe la WHO linailimbikitsa kumaiko ena m'chaka cha 2013.

Komatu mutu umodzi susenza denga, ndipo mankhwala sagwira ntchito ali m'botolo lobisidwa kudenga chifukwa choopa mwamuna. Inu agogo ndi apongozi, musamwetse khanda madzi kapena phala lisanakwane miyezi 6. Inunso abambo, kayezetseni magazi, ndipo tsiku la sikelo likafika, perekezani akazi anu kuchipatala.