Rod Serling

Rod Serling (1924–1975) anali mlembi wa ku America wa masewero a pa TV ndi mafilimu, wodziwika kwambiri ndi pulogalamu ya The Twilight Zone. Kudzera m'nkhani zopeka za sayansi, ankadzudzula tsankho, nkhondo ndi mantha omwe amadanitsa anthu.

Ubwana ndi usilikali

Anabadwa pa 25 Disembala 1924 ku Syracuse m'chigawo cha New York, ndipo anakulira ku Binghamton m'banja la Chiyuda. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali msilikali wodumpha m'ndege ndi parachuti, ndipo anavulala pomenya nkhondo ku Philippines. Imfa zadzidzidzi zomwe anaona kumeneko zinadzawonekera m'zolemba zake zambiri. Atabwerako anaphunzira pa Antioch College ku Ohio mpaka 1950, kenako anayamba kulembera wailesi ku Cincinnati. Ankasirira kalembedwe ka akatswiri a masewero a pa wailesi, Norman Corwin ndi Arch Oboler.

Kulimbana ndi otsatsa malonda

Dzina lake linamveka mu 1955 ndi sewero la Patterns, lotsatiridwa ndi Requiem for a Heavyweight mu 1956. Nthawiyo makampani otsatsa malonda ndiwo ankalipirira mapulogalamu, motero ankafufuta chilichonse chomwe chikanakhumudwitsa ogula. Serling atalemba sewero lochokera pa kuphedwa kwa Emmett Till, mnyamata wachikuda wa zaka 14 yemwe azungu anamupha ku Mississippi mu 1955, makampaniwo anachititsa kuti lisinthidwe mpaka nkhani ya tsankho inazimiririka. Apa m'pamene anazindikira kuti chilungamo chomwe chikuletsedwa m'kamwa mwa munthu wamba chingathe kudutsa chikanenedwa ndi cholengedwa cha kudziko lina.

The Twilight Zone

Pulogalamuyi inaonetsedwa pa CBS kuyambira 1959 mpaka 1964. Mwa zigawo zake 156, Serling analemba 92, ndipo ndiye ankatsegula ndi kutseka nkhani iliyonse ndi mawu ake. Richard Matheson ndi Charles Beaumont analemba zambiri mwa zotsalazo. M'chigawo cha The Monsters Are Due on Maple Street cha mu 1960, magetsi atazima mosadziwika bwino, anthu oyandikana nyumba ayamba kulozana zala mpaka kuphana, pomwe alendo a kumlengalenga akungoonerera patali. Chigawo cha Walking Distance chinachokera pa kulakalaka kwake Binghamton wa ubwana wake.

Zaka zomaliza

Analemba filimu ya Seven Days in May ya mu 1964, komanso Planet of the Apes ya mu 1968 pamodzi ndi Michael Wilson, kuchokera m'buku la Pierre Boulle. Pambuyo pake anatsogolera pulogalamu ya Night Gallery ndi kuphunzitsa pa Ithaca College. Anapata mphoto za Emmy zokwana 6. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 28 Juni 1975 ku Rochester ali ndi zaka 50. The Twilight Zone yakhala ikupangidwanso mwatsopano, kuphatikizapo mu 2019 motsogozedwa ndi Jordan Peele.