Akufa a ku Manjawira ndi Mabuku a Boma

Munthu akamwalira kwathu ku Manjawira, uthenga umayenda m'njira yake yakale. Oyamba kumva ndi mwini mbumba. Iye amapita kwa amfumu, amfumu amalola kuti anthu alire, ndipo adzukulu amatenga makasu kuloŵera kumanda. Dzuŵa lisanaloŵe midzi yonse yozungulira imakhala itadziŵa amene wapita, nthenda imene yamutenga, ndi ana amene wasiya. Koma alipo mmodzi amene kwa zaka zoposa 100 uthengawu sunkamufika, ndipo iye sankaufuna. Ameneyu ndi Boma. Ndafuna kulondola mbiri ya kugontha kumeneku chifukwa anzanga ambiri ofufuza za makolo awo amanyamuka pakoleji ali ndi chikhulupiriro chakuti ku ofesi ya D.C. ku Ntcheu kuli chibuku chachikulu m'mene agogo onse adalembedwa. Bukulo kulibe. Musanamizire chiswe, chifukwa silidalembedwe n'komwe.

Lamulo loyamba lolembetsa kubadwa ndi imfa m'dziko muno lidakhazikitsidwa mu 1904, dzikoli likutchedwa British Central Africa. Lidakakamiza Azungu ndi Amwenye, koma mwini dziko lidamusiya kuti alembetse ngati akufuna. Tsono ndani akadasiya maliro m'nyumba n'kuyamba ulendo wosaka pepala limene panalibe wolifunsa? Chodabwitsa si chakuti atsamunda adapanga lamulo lotere. Chodabwitsa n'chakuti tidalandira ufulu mu 1964, tidakhala Republic mu 1966, tidavotera zipani zambiri mu 1993, lamulo lija lili chikhalire. Lidachoka pamene lamulo latsopano la kalembera, la 2010, lidayamba kugwira ntchito mu 2015. Ŵerengani nokha: zaka 111.

Sindikunena kuti Boma silidalembepo imfa ya munthu wakuda. Linkalemba ndithu, koma pokhapokha imfayo ikakhudza thumba lake, ntchito yake kapena mlandu wake. Inkosi Gomani ya Angoni akuno idaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndipo imfa imeneyo ili m'malipoti chifukwa kwa olembawo inali chipambano. Anthu wamba amene adafa m'masiku omwewo sadatchulidwe maina.

Kalaliki wa msonkho ndiye anali ndi chidwi chenicheni ndi akufa. Mwamuna akamwalira dzina lake linkayenera kufafanizidwa m'kaundula, apo ayi mesenjala ankabwerabe kudzafunsa ndalama kwa amfumu. Mkazi wamasiye ankakhululukidwa msonkho wa nyumba, komatu ankayenera kukhutiritsa bwana kuti mwamuna wake wamwaliradi, sikuti wangotchona ku Halale. Kotero kwa amuna ambiri a nthaŵi imeneyo chiphaso cha imfa chinali mzere wa inki wodutsa pa dzina. Amayi ndi ana, amene maina awo ambiri sankaloŵa m'kaundulamo, ngakhale mzerewo sadaulandire.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 idatenga amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino kukasenza katundu wa asilikali. Ndiwo amtengatenga aja. Ambiri adafera m'njira ndi kamwazi, chibayo ndi njala. Chipilala cha K.A.R. ku Zomba chili ndi maina a asilikali. Wonyamula mpunga wa asilikaliwo mukamufune kwina. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a ku Africa, sadakumbukiridwe ndi maina awo monga adachitira ndi Azungu. Nkhondo isanathe bwino kudagwa chimfine cha 1918 chimene chidakolola anthu m'midzi. Ndipo ngati kuti zimenezi zidachepa, mu February 1919 moto udatentha maofesi a Secretariat ku Zomba, mapepala ambiri a zaka zoyambirira za Boma n'kusanduka phulusa. Wofufuza za nthaŵi imeneyo ku National Archives akumbukire motowo, akumbukirenso kuti atsamunda ankalemba dzina la boma lathu kuti Ncheu.

Njala ya 1949 ndiyo imandionetsa bwino kuopsa kwa kusalemba. Idavuta kwambiri kumwera kwathuku, cha ku Lirangwe ndi Lunzu, ndipo Boma lidati anthu amene adafa anali ngati 200. Kodi lidaŵaŵerenga bwanji, popeza panalibe lamulo loti imfa za m'midzi zilembedwe? Megan Vaughan, polemba buku lake la njalayi limene lidatuluka mu 1987, sadadalire mafayilo okha. Adapita kukakhala pansi ndi amayi amene adaiona, n'kumvetsera ngakhale nyimbo zawo za pamtondo. Boma limene sililemba akufa limakhala ndi ufulu wotchula nambala imene likufuna.

Amene imfa zawo zidalembedwa mosamala ndi a Wenela. Pa 4 April 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi ya ku Joni idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalaŵi oposa 70 adafa. Dr Banda adaimitsa Wenela chifukwa cha ngoziyo. Anthu a kontalakiti otere anali ndi nambala, chidindo cha chala, dzina la mfumu ndi la boma lawo, choncho uthenga wa imfa ndi kandalama kotsala zinkatha kudzera kwa D.C. mpaka kufika kumudzi. Koma amene adapita selefu, woyenda pansi kudzera ku Tete, akafera papulazi ku Rhodesia nkhani yake inkabwera ndi mnzake pakamwa, mwina patapita zaka, mwina osabwera. M'mabanja ambiri kwathu muli malume amene sitidziŵa ngati tiziŵatchula malemu.

Pena pepala limakhalapo koma lonama. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, zidapezeka zitafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Wailesi ndi nyuzipepala zidalengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Padatenga zaka zoposa 11, ndi kusintha kwa Boma, kuti kafukufuku wotsogozedwa ndi Justice Mtegha anene poyera kuti anthuwo adaphedwa ndi apolisi. Ngati imfa ya nduna idalembedwa chomwecho, wophunzira mbiri asagwade msanga pamaso pa chidindo.

Nanga wofuna tsiku limene agogo ake adamwalira ayambire kuti? Ine ndimati ayambire kumishoni. Ansembe a Montfort adafika kwa Nzama mu 1901, ndipo Akatolika amasunga buku la ubatizo, la ukwati ndi la akufa paparishi iliyonse. A Zambezi Industrial Mission anali ku Dombole ndi ku Ntonda, ndipo ku Gowa kunalinso mishoni. Mabuku a mipingo ali ndi msampha wake. Amalemba Akhristu okha, ndipo amalemba dzina la ubatizo. Munthu amene mudzi wonse unkamudziŵa ndi mfunda wake, m'bukumo ndi Yohane kapena Mariya, bambo wake atalembedwa monga momwe khutu la Mfalansa lidamvera. Pitani ndi gogo wodziŵa maina onse aŵiri.

Za nyuzipepala musayembekezere zambiri. Nyasaland Times inkalira Azungu a m'maesiteti. Ngakhale pambuyo pa ufulu, mbiri ya womwalira inkasindikizidwa akakhala mfumu yaikulu, mbusa kapena wamkulu wa chipani. Anthu wamba chawo chinali mauthenga achisoni a pa M.B.C., amene ankathandiza kwambiri kuitana abale a kutali, koma mawu a pawailesi amapita ndi mphepo.

Lero zinthu zidasintha, pamapepala. Imfa iliyonse iyenera kulembetsedwa ku National Registration Bureau, imene ili ndi ofesi paboma lililonse, ndipo D.C. ndiye mkulu wa kalembera m'boma lake. Munthu akafera kuchipatala, dokotala amalemba chimene chamupha. Akafera kunyumba, wachibale amadzaza fomu, amfumu n'kuchitira umboni, kenaka fomuyo ipite kuboma pamodzi ndi ziphaso za unzika, zija tidajambulitsa mu 2017. Taonani kuti pomaliza pake Boma labwerera kwa amfumu omwe aja amene ankadziŵa imfa iliyonse kuyambira kale. Koma kuchokera ku Manjawira kukafika ku Ntcheu ndi ndalama ya minibasi, kupita ndi kubwera, mwinanso kaŵiri. Amene amapita ndi okhawo amene malemu adasiya penshoni, buku la kubanki kapena nyumba ya m'tauni, pakuti popanda chiphasocho chuma cha masiye sichituluka, ngakhale lamulo la 2011 likuteteza mkazi ndi ana. Mlimi amene wasiya khasu ndi mbuzi ziŵiri amaikidwa monga adaikidwira agogo ake, Boma osamva. Imfa ikulembedwabe pamene pali ndalama.

Lilipo buku lina limene sindinaonepo wa mbiri akulitchula, ndilo kope la chipepeso. Pamaliro aliwonse amasankha mnyamata wodziŵa kulemba, n'kumukhazika pampando ndi mbale. Pamwamba amalemba dzina la malemu ndi tsiku. M'munsi amalemba aliyense amene wabwera ndi kanthu: mfumu yakuti ndi anthu ake, mpingo wakuti, akuchimuna, akuchikazi, uyu ufa, uyu nkhuku, uyu ndalama. M'menemo muli chibale chonse cha munthu, ndi mitengo ya zinthu ya chaka chimenecho. Makope ameneŵa ali m'masutukesi ndi m'madenga a nyumba zathu. Ena ayamba kale kung'ambidwa masamba ndi opichira fodya.