Kuchokera pa Chipala Kufika pa Chigayo: Mzere wa Osula a ku Ntcheu

Tikamafunsa za makolo a dera lililonse, kawirikawiri timamva maina a mafumu, ankhondo ndi mashehe. Koma mfumu idatenga nthungo imene idasulidwa ndi wina, ndipo mlimi adalima ndi khasu limene lidatuluka m'moto wa wina. Mzere wa anthu amenewa, osula zitsulo, ndi umene tifuna kuulondola m'boma la Ntcheu, kuyambira pa ng'anjo mpaka pa chigayo cha m'zaka zomaliza za atsamunda.

Msilamu sayenera kuiona ntchito imeneyi ngati yachilendo. Qur'an yolemekezeka ili ndi Surah yathunthu yotchedwa Al-Hadid, kutanthauza chitsulo. Mu Surah Saba timaphunzira kuti Allah adamufewetsera chitsulo Mneneri Dawud (AS), ndipo iye ankapanga zovala zankhondo ndi manja ake. Khabbab ibn al-Aratt (RA), mmodzi mwa oyambirira kulowa Chisilamu ku Makkah, adali wosula malupanga. Ibrahim, mwana wa Mtumiki Muhammad (SAW), adayamwitsidwa m'nyumba ya Abu Sayf, wosula wa ku Madinah, ndipo Mtumiki ankalowa m'nyumba yautsiyo kukamuona mwana wake.

Kuno kwathu, muzu umodzi wa mzerewu ndi wa Amaravi, makolo a Achewa ndi Amang'anja. Iwo ankakumba miyala ya chitsulo, n'kuisanjikiza ndi makala m'ng'anjo yadothi, ndipo moto unkalilima usiku wonse. Chitsulo chikatuluka chinkapita pa chipala, pamene mvukuto wa chikopa unkapemerera makala, nyundo n'kumachita mbali yake. Mu 1866 David Livingstone adachoka kwa Mponda n'kukwera mapiri a Kirk Range, ndipo m'midzi ya kumtunda kumeneko adapeza ng'anjo ndi osula ali kalikiriki. Khasu la nthawi imeneyo lidali chida komanso chuma, pakuti ankasinthanitsa ndi mchere, nsalu ndi nsomba.

Muzu wachiwiri ndi wa Ayao. Yohanna Abdallah, m'buku lake la mbiri ya Ayao limene lidasindikizidwa mu 1919, adafotokoza kuti fuko la Achisi lidali la osula, ndipo ndi iwo amene adayamba kuyenda maulendo ataliatali kugulitsa makasu mpaka adafika kugombe la nyanja yamchere. Njira zimene adatsegulazo ndi zomwe pambuyo pake zidadzetsa nsalu, mikanda ndi mfuti, ndiponso mashehe ndi Qur'an. Tisabise kuti m'njira zomwezo mudadutsanso akapolo ali m'magoli. Komabe ndi zoona kuti pa chiyambi cha msewu umene udabweretsa Chisilamu kunyanja padali munthu wosenza makasu.

Ntcheu ili pakati pa mizu iwiriyi. Kumadzulo kuli mapiri, kum'mawa kuli chigwa cha Bwanje chimene chimatsetserekera kunyanja, ndipo kuyambira kale chimanga chimatsika pamene nsomba zimakwera. Angoni a Maseko atakhazikika m'derali, adafuna nthungo zambiri, ndipo osula a mitundu imene adaigonjetsa adapeza ntchito pansi pa mafumu atsopano. Msodzi wa kugombe naye sakadasema bwato popanda nsompho, kapena kuwedza popanda mbedza.

Zinthu zidatembenuka dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Mu 1896 asilikali a boma adagwira ndi kupha Inkosi Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, ndipo nthungo idasiya kukhala katundu wofunika. Msonkho wa nyumba udakakamiza amuna kufunafuna ndalama, ena kuminda ya azungu ku Thyolo ndi Mulanje, ena ku Salisbury ndi kumigodi ya Johannesburg. M'masitolo a Mandala ndi a amwenye mudadzaza makasu a kufakitale. Njanji ya ku Salima itamalizidwa mu 1935, kudutsa ku Balaka, Bilila ndi Sharpevale, katunduyo adafika pakhomo penipeni. Kusungunula miyala usiku wonse kudakhala kutaya mphamvu, ndipo ng'anjo zidazima imodzi ndi imodzi.

Chipala chokha sichidazime. Wosula adaphunzira kutola zidutswa za zitsulo zakale, za magalimoto ndi za ngolo, n'kusulamo nkhwangwa, mipeni ndi zikwakwa. Adayamba kukonza njinga, maloko ndi mapulawo. Apa pali phunziro limene likutikhudza ife. Mamishoni a m'bomali, monga Zambezi Industrial Mission ku Ntonda ndi Dombole, a Baptist ku Gowa, ndi Akatolika amene adafika ku Nzama mu 1901, ndi amene adali ndi sukulu. Makolo ambiri achisilamu sadatumizeko ana awo poopa kuti akasiya chipembedzo. Ukalaliki wa m'maofesi udawadutsa, ndipo chimene chidawasunga ndi ntchito zamanja: utelala, usodzi, malonda ndi umisiri. Ntchitozi zidadyetsa mabanja ndi kumanga mizikiti.

Chigayo chidafala makamaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945. Dzina lake ndi lachibale ndi mawu a Chizulu akuti ukugaya, ndipo ufa wa mgaiwa udatengera pomwepo. Chisanafike, mayi ankakonola, kuviika mphale ndi kutibula mumtondo mpaka manja kuchita matuza. Tikumbukire kuti Fatimah (RA), mwana wa Mtumiki, adadandaulapo za matuza a mphero. Wotsegula chivindikiro cha chigayo amapeza kuti m'kati mwake muli tinyundo tachitsulo timene timazungulira mwaliwiro, kuphwanya chimanga mpaka chidutse pa sefa. Nyundo ya pa chipala idangosamukira m'makina. Tinyundoto tikaperepeseka, sefa ikang'ambika, lamba akaduka, mwini chigayo wa kumudzi, kutali ndi Limbe, ankayenera kukhala wodziwa chitsulo iye mwini, apo ayi kudalira wosula wa pafupi.

Mwini chigayo adalandiranso udindo umene wosula adali nawo kale, udindo wa kukhulupirika. Khasu losulidwa mwachinyengo limathyoka m'munda dzinja lili pakati, ndipo ndowa yopimira mwachinyengo imachotsa nsima pakamwa pa ana. Surah Al-Mutaffifin imachenjeza mwamphamvu anthu ochepetsa muyeso, ndipo chenjezolo limafika pa chigayo monga limafikira pa msika wa nsomba.

Mabuku a atsamunda adasunga maina a mabwanamkubwa, a mamishonale ndi a mafumu. Maina a osula ndi eni zigayo oyambirira ali m'mitu ya agogo athu, ndipo agogowo akutha. Ife Asilamu, amene timalemekeza maphunziro a mibadwo ndi kulumikiza chibale, tiyenera kukhala pansi ndi okalamba, tiwafunse amene ankasula m'mudzi mwawo, amene adamuphunzitsa, ndi chaka chimene chigayo chidayamba kulira, kenako tilembe. Ndipo mwana wathu akasankha kuwotcherera zitsulo pa Ntcheu boma kapena ku Mangochi, tisamuyese wolephera. Akulowa mumzere wa Achisi, wa Khabbab ndi wa Mneneri Dawud (AS). Allah adalitse manja amene amadya za thukuta lawo.