Jeke wa ku Wusakile ndi zifanizo zagolide za ku Hollywood

Adzukulu anga, Ipusukilo uno mwabadwiramoyu ndi wadzulodzulo. Masiku amene ndikunenawa, kuno kumphepete kwa Kafue kunali tchire, ndipo anthu ambiri ankakhala ku Wusakile ndi ku Mindolo, makomboni a mgodi wa Nkana. Tauni ya Kitwe nayonso inali yakhanda, poti inakhazikitsidwa mu 1936. Agogo anu aakulu, bambo anga, anachoka kwathu ku Nyasaland kudzera ku Fort Jameson, kumene lero mukuti Chipata, nadzapeza ntchito ya ukalaliki pamgodi. Ine ndinakulira m'komboni, pakati pa Abemba, Alamba, Anyakyusa ndi Alozi, ndipo chimene chinkatisonkhanitsa tonse osayang'ana mtundu chinali bayisikopo.

Bayisikopo anafika m'makomboni a migodi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Eni migodi ankafuna kuti munthu akatuluka pansi asamangothera kumowa ndi kundewu. Poyamba mafilimu ankachokera ku Joni, kumene m'busa wina wa ku America, Ray Phillips, ankawasankha n'kuwatumiza m'migodi yakutali. Pofika nthawi yathu, m'zaka za m'ma 1950, kunali kuonera sabata ndi sabata, panja, pabwalo la welofeya, polipira timakobiri tochepa. Ana tinkakhala kutsogolo pafumbi, akuluakulu kumbuyo. Makina akayamba kulira, kuwala kunkadutsa pamwamba pa mitu yathu, agulugufe ausiku akuvina m'menemo. Ankayamba ndi zidole zoseketsa, kenaka nkhani za ku Britain, Mfumukazi ikugwedeza dzanja, ife tikuyasamula. Ndiye pomaliza pake fumbi linkabuka pachinsalu, hatchi n'kutulukira, bwalo lonse n'kukuwa kuti, "Jeke! Jeke!"

Kauboyi aliyense wamphamvu kwa ife anali Jeke, kaya ndi Roy Rogers, kaya Gene Autry, kaya Buck Jones. Chingerezi chawo cha m'mphuno sitinkachimva, ndipo ngakhale tikanachidziwa, phokoso lathu likanachimiza. Komanso filimu inkatifika itadulidwadulidwa. Boma linali ndi bungwe lake lounika zimene munthu wakuda angaone, ndipo linkachotsa akazi achizungu ovala mosadzilemekeza, njira zothyolera nyumba, ndi paliponse pamene mzungu akugonja kwa munthu wamtundu wina. Mumangoona Jeke akulowa m'nyumba ya mowa, mwadzidzidzi ali kale pahatchi kuchipululu, chipewa chili chilili. Nkhani tinkalukira tokha. Chimene tinkayang'ana ndi kaponyedwe ka chibakera, kakweredwe ka hatchi, ndi changu chosolola mfuti. M'mawa mwake komboni yonse inkadzaza aJeke, zipewa za makatoni, mfuti zosema, mathalauza osokerera ulusi wa saka m'mbali. Mayi wina wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 kumvetsera zimene anthu ankakuwa pabayisikopo, nazilemba m'buku lake lotchedwa Copper Town.

Za mphoto za ku Hollywood sitinkazidziwa n'komwe. Ndinadzazitola nditakula, m'magazini akale amene azungu ankataya. Kwawoko makampani akuluakulu asanu, MGM, Paramount, Warner Bros., 20th Century Fox ndi RKO, ndiwo anali eni chilichonse, kuyambira nyumba zojambuliramo mpaka nyumba zoonetseramo. Wosewera ankasaina pangano la zaka 7, ndipo ankakhala ngati wantchito wapamgodi ali ndi tikiti yake: kumene kapitawo wamuloza, n'komweko, akakana amamuimitsa osalandira. Bwana wa MGM, Louis B. Mayer, ndiye anayambitsa maganizo a bungwe la Academy mu 1927, ndipo pa 16 May 1929 bungwelo linagawa mphoto zake, zifanizo zagolide, koyamba m'hotela ya Roosevelt ku Hollywood. Filimu ya ndege zankhondo yotchedwa Wings ndiyo inatenga ulemu waukulu. Osankha anali anthu a m'makampani omwewo, ndiye musadabwe kuti zifanizo zagolidezo zinkabwerera kawirikawiri kwa amene anathira ndalama zambiri.

Mafilimu athu aja sankachokera kumeneko. Ambiri ankapangidwa ndi timakampani tosauka monga Republic ndi Monogram, mothamanga, m'masiku owerengeka, pamapiri amodzimodzi ndi mahatchi amodzimodzi. A Hopalong Cassidy okha, amene William Boyd ankasewera, analipo 66 kuchokera mu 1935 kufika mu 1948. Akatha kuzungulira America ndi Britain, atakalikakalika, ndi pamene ankakwera sitima kubwera kwa ife. Agolide aja ankapita kutauni, kunyumba za bayisikopo za azungu, zamipando yawofuwofu, kumene munthu wakuda ankalowa ndi tsache basi.

Komatu ngakhale kwawoko makauboyi sankapatsidwa ulemu kwenikweni. M'nyengo yonse ya makampani akuluakuluwo, filimu ya makauboyi imene inapambana mphoto yaikulu ndi imodzi yokha, Cimarron ya 1931, ndipo panapita zaka pafupifupi 60 ina isanapambanenso. Stagecoach ya 1939, imene inakweza John Wayne, inalowa pampikisano koma inagonja kwa Gone with the Wind. Amene anatengamo chifanizo ndi Thomas Mitchell, yemwe anasewera ngati dokotala chidakwa. Wayne mwiniwake anadikira mpaka 1970, atakalamba, atavala kachikopa kudiso m'filimu ya True Grit.

Pa Gone with the Wind paja ndiimepo pang'ono, chifukwa nkhani yake inandikhudza nditaiwerenga. Munali mayi wakuda, Hattie McDaniel, amene anasewera ngati wantchito wa m'nyumba. Pamene filimuyo inkaonetsedwa koyamba ku Atlanta mu December 1939, iye sanaloledwe kukakhalapo chifukwa cha khungu lake. Pa 29 February 1940 anapambana mphoto, munthu wakuda woyamba kutero, koma hotela ya Ambassador kumene kunali mwambowo sinkalandira anthu akuda. Anachita kumupemphera chilolezo, n'kumukhazika patebulo lapadera chakukhoma, kutali ndi Clark Gable ndi Vivien Leigh amene anagwira nawo ntchito. Ife kuno tinkagula nyama pakawindo kam'mbali mwa butchala, tikuganiza kuti kwa Jeke kulibe zotere. Anzake akuda ena anamunyoza mayiyo kuti akungosewera zauntchito. Ine sindimuweruza. Amayi angati a m'komboni mwathu analera ana a azungu kuti awo adye?

Panalinso mafilimu onena za Africa weniweniyu, ndipo amenewa osankha aja ankawakonda. Trader Horn ya 1931 inajambulidwa kum'mawa kwa Africa n'kulowa pampikisano wa mphoto yaikulu, ndipo mwamuna wa ku Kenya, Mutia Omoolu, anachita kutengedwa mpaka ku Hollywood kuti akamalize zigawo zina. King Solomon's Mines ya 1950 inajambulidwa ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Congo, inapambana ziwiri, ya kajambulidwe ndi ya kalumikizidwe ka zithunzi. Munali Siriaque, Mtutsi wamtali uja, ndi Kimursi, koma maina amene ankalembedwa zilembo zikuluzikulu anali a Stewart Granger ndi Deborah Kerr. Chaka chotsatira Humphrey Bogart anakoka kaboti m'matope m'filimu ya The African Queen, ku Congo ndi ku Uganda, napata chifanizo chake chimodzi chokha cha moyo wake wonse. Mogambo ya 1953 inaika Ava Gardner ndi Grace Kelly pamndandanda wa opikisana. M'mafilimu onsewa Africa anali njovu, mathithi ndi amtengatenga osenza mabokosi. Munthu wovala chisoti chokhala ndi nyali pamphumi, wotsika pansi pa nthaka ndi chikepe, ngati amene ankadutsa pakhomo pathu mbandakucha uliwonse, simukanamupezamo.

Mu September 1960 lamulo linasintha, nyumba za bayisikopo ndi malo odyera zinatsegulidwa kwa mitundu yonse. Azungu ena kuno ku Kitwe sanakondwe nazo, pamakomo panali kukankhana. Mu 1961 wailesi yakanema inayamba kuulutsa kuno komwe. Pang'ono ndi pang'ono tinayamba kuona mafilimu athunthu, osadulidwa, ndipo ndi m'mene ndinadzaonera High Noon ya 1952, imene Gary Cooper anapambana nayo mphoto. Ndikuuzeni zoona, ku Wusakile akanaiimbira malikhweru. Munthuyo amathera pafupifupi filimu yonse akuyenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti amuthandize, onse akumukana, iye akungoyang'ana koloko, mfuti n'kudzalira kumapeto kwenikweni. Jeke uti wopempha thandizo? John Wayne nayenso filimuyo ankadana nayo, ngakhale ndiye anapita kukalandira chifanizocho m'malo mwa Cooper mu 1953. Koma ine ndinali nditaona kale sitalaka, ndikudziwa mmene anthu amazemberana zinthu zikafika povuta, ndipo ndinatuluka ndili chete. Apo osankha aja sanalakwe. Analakwa popereka mphoto yaikulu ya chaka chimenecho kwa The Greatest Show on Earth, filimu ya masewera a m'tenti imene lero palibe amaikumbuka.

Chaka cha ufulu wathu, 1964, pa 13 April, Sidney Poitier anakhala mwamuna wakuda woyamba kupambana mphoto ya wosewera wamkulu, ndi filimu ya Lilies of the Field. Malawi analandira ufulu pa 6 July, Zambia pa 24 October. Apo n'kuti mphamvu za makampani aja zitatha kale, poti khoti lalikulu la ku America linawalamula mu 1948 kuti asiyane ndi nyumba zawo zoonetseramo, kenaka wailesi yakanema inawalanda anthu. Timakampani ta makauboyi otchipa tinatseka kapena kusamukira kuwailesiko.

Tikanapatsidwa ife a pafumbi mphamvu yosankha, chifanizo chikanapita kwa munthu amene nkhope yake sitinkaidziwa, Yakima Canutt. Ntchito yake inali kugwa m'malo mwa ena. Mu Stagecoach anavala ngati Mmwenye wa Apache, nalumpha kuchoka pahatchi yake kukatera pahatchi zakutsogolo zokoka ngolo, zili pa liwiro. Atamuwombera anagwera pakati pa mahatchiwo, nakwekwerezeka pansi, kenaka n'kutaya manja, mahatchi 6 ndi ngolo yonse n'kumudutsa pamwamba, iye n'kutsala wamoyo. Ndiyenso anakonza mpikisano wa magaleta mu Ben-Hur ya 1959, imene inakolola mphoto 11. A Academy anadzamukumbukira mu 1967, n'kumupatsa chifanizo chaulemu. Zaka zambiri za ntchito yake anazithera ku Republic komwe kuja, ndiye kawirikawiri tikamakuwa kuti "Jeke!" munthu akugubuduzika kuchoka pahatchi, amene ankagwayo anali Canutt kapena mmodzi wa anyamata ake.